Mizere Itatu ya M'malire

Ana anga, inu amene mwayamba kulandira maudindo mumpingo ndi kuntchito, khalani pansi ndikuuzeni za mizere itatu ya chimanga imene inandiphunzitsa zimene sindinazimve ku koleji ya aphunzitsi.

Chaka chimenecho ndinali nditangosankhidwa kumene kukhala mkulu wa mpingo. Ndinali pachikamwini kwa agogo anu, ndipo munda umene tinkalima unachita malire ndi wa bambo wina wa mumpingo mwathu momwemo, munthu amene Lamulungu tinkakhala naye benchi limodzi. Mu Okutobala, nthawi younga mizere, ndinalawirira kumunda n'kupeza kuti khasu lake ladumpha malire. Mizere yathu itatu inali itaungidwa kale, kuyambira pachulu mpaka kukafika pa mtengo wa mpoza, ndipo chitsa chimene chinkasonyeza malire chinali chitazulidwa n'kuponyedwa patchire. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali khasu lili paphewa. Mtima unkati thamangira kwa anyakwawa. Koma maganizo ena anandigwira mwendo: ndiwe mkulu wa mpingo tsopano, posachedwapa uzinyamula mbale ya mgonero pamaso pa anthu, nanga akuona bwanji ukamakokanakokana ndi mkhristu mnzako pabwalo chifukwa cha mizere itatu? Madzulo ndinapita kwa bamboyo, ndinamuuza kuti ndaona zimene zachitika, mizereyo aitenge, ine sindikasuma kulikonse. Anandigwira chanza ndi manja awiri. Ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee, ndikukhulupirira ndithu kuti ndakondweretsa Mulungu.

Agogo anu ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka anaika lichero pansi n'kundifunsa mofatsa kuti, "Abambo, kukhululuka mwachita bwino. Koma munda umenewu anakupatsani ndani?"

Ndinasowa chonena. Mundawo unali wa mbumba yawo. Unachokera kwa amayi awo, ndipo unali kudikira ana athu aakazi. Ine ndinali wolimamo chabe. Ndinali nditapereka chinthu cha eni, osafunsa mwini wake, osafunsa amalume awo amene ndiwo eni mbumba, ndipo zikomo wa kupatsako ndinalandira ndine. Mizere itatu imaoneka yochepa poitchula, koma yaitali ngati imeneyo inkatipatsa ndowa zingapo za chimanga, ndipo amene anaonapo Febuluwale nkhokwe ili pululu akudziwa kuti ndowa imodzi ndi masiku angati a nsima ya ana.

Nkhaniyo inapita ndithu kwa anyakwawa, ndipo inavuta koposa chifukwa mawu anga anali atatsogola kale. Amalume awo anailankhula, mboni zakale zinaloza pamene panali chitsa, malire anabwezedwa pakale n'kudzalapo nkhadze. Zitatha zonsezo, agogo anu anapempha kulankhula. Anati chimanga cha chaka chimenecho pa mizere itatuyo akolole bamboyo, popeza wakhetserapo thukuta ndipo pakhomo pake pali ana ambiri. Palibe anawauza kutero. Pa anthu awiri ife, amene anasiyadi ufulu wake chifukwa cha chikhristu anali iwowo, chifukwa chimene anapereka chinali chawo.

Musandimve ngati mmodzi mwa okalamba amene amati ufulu ndiwo unaononga dziko. Ife tinakula nthawi imene sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, nthawi imene mawu amodzi olankhulidwa mosasamala ankatha kumugoneka munthu ku Mikuyu zaka zambiri osaonekera kukhoti. Pa 14 Juni 1993 ndinaima pamzere wa riferendamu, pa 17 Meyi 1994 ndinaimanso pamzere wa chisankho. Malamulo oyendetsera dziko amene tili nawo lero, ndi mutu wake wachinayi wonena za ufulu wachibadwidwe, sanagwe ngati mvula, alipo anawavutikira. Choncho ndikamanena za kusiya ufulu, ndikunena za kutula pansi chinthu chodula, chimene ndikudziwa mtengo wake.

Komabe tsiku limene wavomera udindo, pali makomo ena otseguka kwa aliyense amene kwa iwe atsekeka. Ndagwira choko zaka zoposa 30. Mphunzitsi ali ndi pakamwa ngati wina aliyense, koma zimene mwana wamuululira akulira kuseri kwa kalasi sangakazinene pa bawo. Namwino amadziwa matenda a theka la mudzi, ndipo amapita nazo kumanda. Wogwira ntchito m'boma ali ndi voti yake ndi chipani cha kumtima kwake, koma nsalu ya chipanicho savala ku ofesi, chifukwa gogo wobwera kudzafuna thandizo ayenera kumuona ngati munthu wa anthu onse. Mfumu imamva chipongwe pabwalo n'kumeza malovu, poti ikangobwezera, mlandu umene imaweruza wasanduka wake. Makolo anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo amene safuna nkhonyazo ndi bwino akane udindo poyamba pomwe.

Masiku ano bwalo linasamukira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Ndimamva achinyamata akuti, tsamba ndi langa, ndilemba zimene ndikufuna. Tsamba ndi lako, inde. Koma mwana wa Sitandade 7 amene umamuphunzitsa amawerenga pa foni ya amayi ake, ndipo sasiyanitsa iwe wa pa tsamba ndi iwe wa pa bolodi. Wa kwaya amene umamutsogolera m'pemphero Lachitatu amaona mmene wamunyozera munthu Lachinayi. Palibe wapolisi adzakugwire. Chimene chidzachitike n'chakuti tsiku lina mwanayo adzakhala ndi vuto lenileni, adzayang'ana kwa iwe, n'kusankha kukhala chete.

Pa nkhani imeneyi mphunzitsi wanga wamkulu ndi Paulo. Mukawerenga mutu 9 wa kalata yake yoyamba kwa Akorinto, mupeza chinthu chimene alaliki ambiri amachidumpha. Asananene kuti salandira malipiro, amayamba watsimikiza kuti malipirowo ndi omuyenera. Amatenga chitsanzo cha msilikali, cha wolima mpesa, cha woweta ziweto, ngakhale cha ng'ombe yopuntha tirigu. Amakumbutsa kuti atumwi anzake, ndi Petro yemwe, amayenda ndi akazi awo. Amaumanga mlanduwo mpaka wotsutsa kusowa polowera, ndipo akatero m'pamene amanena kuti iye ufulu umenewo sanaugwiritse ntchito. Ku Korinto anakhalako chaka ndi theka, ndipo ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila kuti adye za manja ake. Sanafune kuti munthu wa mumzinda wa malonda ngati umenewo akane Uthenga Wabwino poganiza kuti nawonso ndi malonda. Koma taonani: sanalamule atumwi enawo kuti nawonso ayambe kusoka mahema, ndipo thandizo lochokera ku mpingo wa ku Filipi ankalilandira ndi kuthokoza. Ankadziwa chimene chili chake, ankadziwa chifukwa chochisiyira, ndipo ankadziwa malo amene kusiyako kukuthandiza.

M'mutu 8 wa kalata yomweyo amachitanso chimodzimodzi pa za nyama yoperekedwa kwa mafano. Iye akudziwa kuti fano ndi chinthu chachabe ndipo nyamayo ndi nyama basi, koma ali wokonzeka kuileka chifukwa cha mbale amene chikumbumtima chake chikadali chanthete. Kumeneko ndiko kusiya kumene ndikukupemphani kuti mukuphunzire: kukhala ndi nkhope ya munthu wina m'maso mwako pamene ukusiya. Ngati sungathe kutchula amene apindule, mwina ukungofuna kuoneka woyera.

Ndime imene ndikanaiwerenga bwino ndisanapite kwa mnansi wanga uja ili mu Genesis 14. Tonse timadziwa za mutu 13, pamene Abrahamu, wamkulu ali iye, analola Loti mwana wa mbale wake kuyamba kusankha dziko, Loti n'kutenga chigwa cha Yordano chamadzi ambiri. Koma mutu wotsatirawo, Abrahamu atapita ndi anyamata ake 318 kukapulumutsa Loti kwa mafumu amene anamugwira, mfumu ya Sodomu inamuuza kuti atenge chuma chonse chimene walanditsa. Anakana, sanatengepo kanthu ngakhale kakang'ono. Komabe sanakanire onse. Anati anzake amene anapita naye kunkhondoko, Aneri, Esikolo ndi Mamre, atenge gawo lawo. Lumbiro linali lake, ndipo mtengo wa lumbirolo analipira yekha.

Nehemiya naye anakhala kazembe wa Yuda zaka 12 osatenga chakudya chimene kazembe ankayenera kulandira kwa anthu, pamene patebulo pake pankadya anthu 150 osawerengera alendo. Koma m'mutu 5 womwewo wa buku lake, mmene mwalembedwa zimenezi, amphawi atalira kuti minda yawo yapita ndi katapira ndipo ana awo aakazi asanduka akapolo, Nehemiya sanawauze kuti pirirani. Anapsa mtima, anaitanitsa msonkhano waukulu, anawadzudzula olemera maso ndi maso mpaka analumbira kubweza minda ndi nyumba. Munthu mmodzi yemweyo, chake anasiya, cha amphawi anachimenyera.

Apa m'pamene mtima wanga umawawa, ana anga. Mawu okomawa, kudzichepetsa, kupirira, kukhululuka, ndawaona akusandutsidwa chingwe chomangira ofooka.

Panali maliro a bambo wina wa mumpingo mwathu. Patapita masiku ochepa chiikireni maliro, lole inaima pakhomo. Abale a malemu anayamba kutulutsa katundu: njinga, makina osokera, mipando, matiresi. Mnyamata mmodzi anali atakwera kale padenga ndi hamala kuti ayambe kuzula malata. Mayi wamasiye anali pamphasa pakhonde, mpango wakuda kumutu, ana atatu atamuunjirira. Atayesa kukweza mawu kuti makinawo ndi amene amadyetsera ana, bambo wina wachikulire, Baibulo lili m'khwapa, anawerama n'kunena kuti, "Mayi, inu ndinu a Mvano, musakangane pa zinthu za pansi pano." Mayiyo anaweramitsa mutu. Ine ndinalipo. Ndinazengereza, ndikudziuza kuti ndi nkhani ya pabanja, ndipo pamene ndinkatsegula pakamwa n'kuti makina ali kale m'lole. Malata tinawapulumutsa, makina anapita. Mpaka lero ndikakumbukira kuweramitsa mutu kwa mayi uja tulo timandithawa.

Mayi ameneyu sanasiye ufulu wake. Analandidwa, ndipo dzina la Mulungu linagwiritsidwa ntchito kuti asakuwe. Komanso makinawo sanali ake okha oti angawasiye, munali nsima ndi fizi za ana atatu. Kuyambira 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wamasiye amene wapita kukadandaula sanachimwe. Chimodzimodzinso mayi amene akumenyedwa usiku ndi usiku, anamkungwi ndi ankhoswe n'kumangomubweza ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Kupirira kulipo m'banja, ine ndakhalamo zaka zambiri ndipo ndikukudziwa: kupirira umphawi, matenda, lilime lakuthwa la tsiku loipa. Koma nthiti zothyoka si mtanda umene Yesu anauza munthu kuti asenze. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Mkulu wa mpingo amene waperekeza mayi wotere kumeneko wagwira ntchito ya ukulu wake. Ndiwonjezerepo mlonda wa pa tchalitchi kapena mphunzitsi wa pa sukulu ya mpingo amene watha miyezi osalandira, akafunsa n'kumauzidwa kuti umenewu ndi utumiki. Utumiki umaperekedwa ndi mwini wake. Owalemba ntchito alibe mphamvu yowaperekera.

Mukafuna kuzindikira ulaliki woona pa nkhaniyi, yang'anani kumene katundu akulowera. Wokuuza kuti usiye akakhala yemweyo wodzanyamula chimene wasiyacho, chenjera naye. Yang'ananinso amene akuwerama. M'Malemba amene amawerama ndi wamphamvu: Abrahamu wamkulu kwa Loti wamng'ono, kazembe kwa anthu ake, Ambuye ndi beseni la madzi pa mapazi a ophunzira awo. Ife tinazitembenuza. Timapempha wamasiye, wantchito ndi mwana kuti ndiwo adzichepetse, pamene wa mpando wakutsogolo sasiya ngakhale ntchafu ya nkhuku pa chakudya cha msonkhano.

Paulo yemwe uja wosoka mahema, ku Filipi anachita zimene ena akanati si zachikhristu. Iye ndi Sila anakwapulidwa ndi ndodo pagulu popanda kuzengedwa mlandu, n'kutsekeredwa m'chipinda cham'kati, mapazi ali m'matangadza. Kutacha akuluakulu a mzinda anatuma uthenga kuti amasulidwe azipita. Paulo anakana kutuluka mwakachetechete. Anati iwo ndi nzika za Roma, zimene zachitikazo n'zosemphana ndi lamulo, choncho akuluakuluwo abwere okha adzawatulutse. Anabweradi, ali ndi mantha, n'kudzawapepesa. Ine ndimaona kuti sanachitire zimenezi mabala ake. Kumbuyo kwake ankasiya kampingo kakang'ono ka m'nyumba ya Lidiya, ndi woyang'anira ndende amene anali atangobatizidwa usiku womwewo. Akanachoka mozemba, anthu amenewa akanatsala ndi dzina lakuti otsatira zigawenga. Ku Yerusalemu, atamumanga kuti amukwapule, anatchulanso unzika wake ndipo chikwapu chinabwerera. Ku Kaisareya, pamaso pa Festo, anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara. Munthu amene amadziwa kusiya amadziwanso kugwiritsa, ndipo ziwirizi zimachokera mumtima umodzi.

Ifenso kwathu kuno tinazionapo. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yonena za malipiro ochepa a antchito, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Ine si wa mpingo umenewo, koma tsiku lomwelo nkhani inali itafika kale m'midzi monse. Maepiskopiwo anali ndi nyumba zabwino ndi ulemu wawo, akanatha kukhala chete osakhudzidwa ndi aliyense. Anaitanidwa kupolisi kukafunsidwa, boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo mmodzi mwa osayina, Monsinyo John Roche wa ku Ireland, anathamangitsidwa m'dziko muno. Mtendere wawo anautaya, ndipo chimene anautayira chinali ufulu wa anthu ena. Mzere umene ndinaimapo mu 1993 uja unayambira pamenepo.

Tsono ndibwerere pakhomo, chifukwa ambiri a inu simudzaima pamaso pa Kaisara. Mayeso anu adzakhala aang'ono ndi a tsiku ndi tsiku. Mudzasankhidwa mukomiti yomanga tchalitchi, ndipo pa tsiku la zopereka mtima udzatentha kuti mulonjeze ndalama yaikulu anthu akuomba m'manja. Musanaimike dzanja, kumbukirani kuti m'ndalama imeneyo muli fizi ya mwana ndi feteleza wa chaka chino, ndipo akazi anu kapena amuna anu ali ndi mawu pamenepo. Mudzaitanidwa ku misonkhano madzulo alionse, ndipo mudzati ndikudzipereka. Nthawi imeneyo mbali ina ndi yanu, mbali ina ndi ya mwana amene akudikira kuti mumuonere homuweki. Ndaona ana a abusa ndi a akulu a mpingo amene anakula n'kudana ndi tchalitchi, ndipo ukawafunsa bwinobwino umapeza kuti nsembe imene bambo awo ankatamandidwa nayo inkachotsedwa m'mbale mwawo iwo osafunsidwa. Kambiranani pakhomo. Banja likagwirizana kusiya chinthu, onse amasenza mokondwa. Mmodzi akasankhira onse, enawo amangomva kulemera.

Ndipo ukasiya, siya ndithu. Pali anthu amene amakhululuka ngongole pakamwa koma kabuku kali m'thumba, ndipo pakangobuka kamkangano amakatulutsa: si ine ndinakusiyira zakutizakuti? Wotereyo sanapereke, anangokongoza pa chiwongoladzanja cha ulemu. Agogo anu nkhani ya chimanga chija sanaitchulenso, kwa ine kapena kwa wina aliyense. Bambo uja atamwalira patapita zaka, iwo ndiwo anali oyamba kufika pasiwa ndi mtolo wa nkhuni pamutu ndi ufa m'beseni, ndipo anachezera kuphika usiku wonse. Nkhadze ija ilipobe m'malire, yatalika kuposa munthu, ndipo adzukulu a mbali zonse ziwiri amalima mwamtendere uku ndi uku.

Iwe mdzukulu wanga amene ukuimirira kutsogolo Lamulungu likubwerali kuti ulandire udindo, ndidzakhala pabenchi langa ndikukuyang'ana. Udzasiya zambiri zimene anzako akusangalala nazo, ndipo ena adzakutcha wopusa, usadzabwerere m'mbuyo. Koma tsiku limene udzaone lole itaima pakhomo pa wamasiye, usadzachedwe monga ndinachedwera ine. Udzaime pakhomopo, utume mwana akaitane anyakwawa, katundu asanakwere.